Miqdad: dzina losowa la Swahaba yemwe ankatchulidwa ndi abambo awiri

Mu madrasa athu mphunzitsi akaitana Bilal amadzuka ana angapo, Ali ndi Umar chimodzimodzi. Miqdad samveka kawirikawiri. Chonsecho mwini dzinali ali pa mndandanda umodzi ndi Bilal. Abdullah ibn Mas'ud (Allah asangalale naye) adatchula anthu 7 omwe adayamba kuonetsera Chisilamu chawo poyera ku Makka: Mtumiki (SAW), Abu Bakr, Ammar, Sumayya mayi a Ammar, Suhayb, Bilal ndi Miqdad.

Dzinali lidachokera ku tsinde la Chiarabu la q-d-d, lomwe tanthauzo lake ndi kudula kapena kung'amba chinthu mlitali. Ndi tsinde lomwelo lomwe Surah Yusuf yagwiritsa ntchito pofotokoza za kung'ambidwa kwa malaya a Yusuf chakumbuyo. Choncho Miqdad ndi wodula kwambiri. Aarabu akale ankakonda mayina aukali otere kwa ana aamuna, kuti mdani akangolimva achite mantha. Aswahili amalitchula kuti Mikidadi.

Koma phunziro lalikulu lili pa dzina la bambo lomwe limatsatira. M'mabuku a Hadith mupeza Miqdad ibn al-Aswad, m'mabuku a mbiri mupezanso Miqdad ibn Amr, kwina al-Kindi, kwina al-Bahrani. Wophunzira watsopano angaganize kuti ndi anthu anayi, pomwe ndi mmodzi. Ibn Hajar mu Al-Isaba akufotokoza kuti bambo ake omubereka adali Amr ibn Tha'laba wa fuko la Bahra. Amr adakhetsa mwazi kwawo, nathawira ku Hadramawt komwe adakachita ubale wa pangano ndi fuko la Kinda. Miqdad atakula naye adayambana ndi munthu wina wa Kinda, namutema mwendo ndi lupanga, ndipo adathawira ku Makka. Kumeneko mlendo wopanda fuko lomuteteza adalibe chitetezo chilichonse. Al-Aswad ibn Abd Yaghuth wa mbumba ya Zuhra adamulandira namusandutsa mwana wake, monga udalili mwambo wa nthawi ya umbuli. Chodabwitsa nchakuti al-Aswad yemweyu akuwerengedwa m'gulu la anthu omwe ankamuchita chipongwe Mtumiki (SAW), ndipo adafa asadalowe Chisilamu.

Ku Madina idatsika ndime 5 ya Surah Al-Ahzab, yolamula kuti ana oleredwa azitchulidwa ndi mayina a abambo awo owabereka. Zayd, yemwe anthu ankamutcha mwana wa Muhammad, adabwerera kukhala Zayd ibn Haritha. Miqdad naye adalengeza kuti iye ndi mwana wa Amr. Komabe pakamwa pa anthu dzina la al-Aswad silidachoke, mpaka Imam al-Bukhari ndi Imam Muslim adalilemba momwemo.

Kodi ma Imam amenewa adaswa lamulo? Imam al-Qurtubi, yemwe adamwalira mu 671 Hijri, adaliyankha funsoli pa tafsir ya ndimeyi, ndipo chitsanzo chake ndi Miqdad yemweyu. Iye adati dzina likamuyanga munthu mpaka kufika poti sadziwika bwino popanda ilo, palibe mwa akale yemwe adamuyesa wochimwa wolitchulayo. Adamupatula Zayd yekha: kumutcha mwana wa Muhammad mwadala nkoletsedwa. Apa tikuona kusiyana kwa zinthu ziwiri zomwe ambiri amazisakaniza, dzina lodziwira munthu ndi kudzinamiza mtundu. Choyambacho sichisintha kanthu pa chuma cha masiye kapena pa omwe munthu sangawakwatire. Chachiwiricho ndicho Mtumiki (SAW) adachichenjeza mwamphamvu, kuti munthu adzipachike kwa yemwe akudziwa kuti si bambo ake. Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno, komwe mwana wamasiye woleredwa ndi amalume nthawi zina amalembetsa kusukulu ndi dzina la omulerawo. Kulera ndi ntchito ya malipiro aakulu; chomwe Shariya ikukana ndi kumubisira mwanayo bambo ake enieni.

Pali malo ena pomwe dzinali lagwira ntchito ya Fiqh mwakachetechete. Miqdad adakwatira Duba'a bint al-Zubayr ibn Abd al-Muttalib, mwana wa mbale wawo wa bambo a Mtumiki (SAW). Hadith yotchuka ya Duba'a ikukamba za Hajj: iye ankadwala, ndipo adauzidwa kuti pochita ihram aike chikonzero choti adzamasuka pomwe matenda adzamutsekereze. Koma al-Bukhari adaiika hadithiyi mu buku la Nikah, pa khomo la kulingana kwa okwatirana pa chipembedzo. Chifukwa chake chili pa mawu omaliza, pomwe patchulidwa kuti mwamuna wake adali Miqdad. Mkazi wa Banu Hashim adakwatiwa ndi wothawa kwawo, yemwe sadali Mquraish mwa magazi. Wowerenga mothamanga amadutsa osauona umboniwo.

Za kulimba mtima kwake nzodziwika. Mu 2 Hijri, Mtumiki (SAW) atafunsa maganizo a Maswahaba nkhondo ya Badr isadayambe, Miqdad adayankha kuti iwo sachita monga anthu a Musa omwe adakana kumenya nkhondo, koma amenya kumanja kwake, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Ibn Mas'ud adakhumbira kuti mawu amenewo akadakhala ake. Ali (Allah asangalale naye) adati tsiku limenelo wokwera hatchi adali Miqdad yekha. Ndi iyenso yemwe Ali adamutuma kukafunsa za madhiy, ndipo yankho lake, kutsuka ndi kuchita wudhu, lili m'mabuku a Fiqh mpaka lero.

Dzinali lidafala kwambiri pakati pa Ashia, omwe amamuika Miqdad pamodzi ndi Salman, Abu Dharr ndi Ammar monga oyandikana kwambiri ndi Ali. Ku Syria ndi ku Lebanon lidasandukanso dzina la mabanja. Koma limeneli si dzina la gulu limodzi: ma hadith a Miqdad ali mu Sahih ziwiri zija, ndipo atamwalira ku al-Jurf mu 33 Hijri, ali ndi zaka pafupifupi 70, adanyamulidwa kukaikidwa ku Baqi, ndipo yemwe adatsogolera Swala ya janaza yake adali Khalifa Uthman ibn Affan.