Peramiho: Nyumba ya Chipani cha Benedict Woyera pakati pa Angoni

Peramiho ndi mudzi wa m'chigawo cha Ruvuma, kummwera kwa dziko la Tanzania, pafupi ndi tauni ya Songea. Kumeneko kuli nyumba yakale ya ansembe ndi abulazala a chipani cha Benedict Woyera. Kwa ife a kuno malowa si achilendo kwenikweni, popeza Angoni a Maseko anakhalako m'dera la Songea asanabwerere kudzakhazikika ku Ntcheu ndi ku Dedza.

Mishoniyi anaiyamba ndi Bambo Cassian Spiss m'chaka cha 1898. Iwo anali a nthambi ya St. Ottilien ya ku Germany, imene Bambo Andreas Amrhein anaikhazikitsa mu 1884 kuti iphatikize moyo wa mapemphero ndi ntchito yofalitsa Mthenga Wabwino.

Chiyambi chake chinali cha magazi. Pa nkhondo ya Maji Maji mu 1905, pamene anthu anaukira atsamunda a Chijeremani, Ambuye Spiss, amene pa nthawiyo anali episkopi, anaphedwa pa 14 Ogasiti ali pa ulendo wopita ku Peramiho, pamodzi ndi abulazala awiri ndi asisiteri awiri. Mishoni inaonongedwa, ndipo Bambo Franziskus Leuthner anaphedwanso. Amishonale anabwerera nkumanganso, ndipo mu 1931 Peramiho inakwezedwa kukhala abbey pansi pa Ambuye Gallus Steiger.

Tikafika timaona tchalitchi chachikulu, chipatala cha St. Joseph, seminale yaikulu, nyumba yosindikizira mabuku ndi sukulu ya ntchito zamanja. Zonsezi zinakula kuchokera m'lamulo la Benedict Woyera, la mitu 73, limene limagawa tsiku pakati pa kupemphera, kuwerenga ndi kugwira ntchito.

Ochokera ku Malawi angathe kudutsa pa chipata cha Songwe, nkudzera ku Makambako ndi Njombe mpaka ku Songea. Nkwanzeru kudziwitsa eni nyumba tisananyamuke. Lamulo lawo limawauza kulandira mlendo ngati Khristu amene, koma nafenso tili ndi udindo wathu: kuvala modzilemekeza, kusunga chete ndi kupewa zipinda zimene zinapatulidwira eni chipani okha. Belu likalira, tisiye zojambula zithunzi, tilowe nao m'tchalitchi kukaimba Masalimo, pakuti ndicho chimene nyumbayo inamangidwira.