Pakamwa ndi Dzanja la Dziko

Pa mawu onse omveka pabwalo la mayiko, alipo awiri osayenera kulekanitsidwa, ndiwo kazembe ndi msilikali. Pakuti kazembe ndiye pakamwa pa dziko, wosenza mawu a boma lake kunka nawo kwa eni dziko lina, ndipo msilikali ndiye dzanja lake, kotero kuti pakamwa pakalonjeza chimene dzanja silingathe, kapena dzanja likakantha pakamwa pasanayankhule, mtundu wonse umagwidwa ndi manyazi.

Kummawa kwa Congo ndiko kudaoneka tanthauzo la mawuwa. Zigawenga za M23 zitalanda mzinda wa Goma mu 2012, kudadziwika kuti msilikali wosungitsa mtendere wa United Nations ali ngati woleretsa ndewu, amene amaima pakati pa omenyana koma saponya chibakera. Tsono, monga nkhanga zidapangana kusanapse, akazembe ndiwo adayamba: pa 24 February 2013 mayiko 11 adasaina pangano ku Addis Ababa, ndipo pa 28 March bungwe la United Nations, mwa chigamulo 2098, lidakhazikitsa gulu la asilikali oposa 3,000 a Tanzania, South Africa ndi Malawi, ndi kulipatsa chilolezo choyamba ilo kuthira nkhondo. Chilolezo ndicho chingwe chomanga mfuti ku mawu a pangano; msilikali wa ku Kamuzu Barracks, ali chigonere m'ngalande pa mapiri a Kivu, chala chili pa mfuti, amawomba kufikira pamene pepalalo lamulekeza.

Mizinga ikulira, mkhalapakati, ndiye Uganda, adali kukhazika boma la Congo ndi M23 pamphasa imodzi ku Kampala. Nthumwi yapadera ya United Nations, Mayi Mary Robinson, idali kuyendera atsogoleri a chigawocho. Ndipo mabungwe a mayiko adaima ngati ankhoswa, oti pangano likasweka afunsidwe ndiwo. Mu November M23 idagonja, ndipo pa 12 December zikalata zotsekera nkhondoyo zidasainidwa ku Nairobi.

Komatu mlandu suwola. Popeza zimene adapangana sizidakwaniritsidwe, M23 idadzukanso mu 2021, ndipo mu January 2025 idalowanso mu Goma, ana ena a Malawi nataya miyoyo yawo pankhondoyo. Dzanja lidagwira ntchito yake mokhulupirika. Chidatsala ndi chakuti ankhoswa akhalebe pamphasa mpaka mlandu utatha, pakuti mwazi wa msilikali umagula nthawi yokha, ndipo nthawiyo ikapanda kugwiritsidwa ntchito ndi akazembe, amayi amaliranso maliro omwewo.