WIRIYAMU: MUDZI UMENE ADATI KULIBE

Akristu anzanga, parokiya ikakwanitsa zaka 100, nkoyenera kuti iwerenge madalitso ake: nyumba za Mulungu zimene zidamangidwa, ana amene adabatizidwa, maukwati amene adadalitsidwa, ansembe ndi amai odzipereka kwa Mulungu amene adatuluka m'mabanja mwathu. Zonsezi zalembedwa pa masamba ena a buku lino. Koma zaka 100 zimenezi sizidapite mu mtendere wokhawokha ai. M'kati mwake mudali chibalo, mudali nkhondo ziwiri, mudalinso masiku amene Eklezia adayenera kusankha pakati pa kukhala chete ndi kunena zoona. Nchifukwa chake bungwe lokonza chikondwerero chathu lidaganiza kuti akatekista, atsogoleri a miphakati ndi achinyamata ena apite ulendo wa tsiku limodzi ku Wiriyamu, kumene anthu osalakwa adaphedwa mu 1972. Ine ndidapemphedwa kulemba zimene tidaona ndi kumva, pamodzi ndi mbiri ya malowo, kuti amene sadapite nao adziweko.

Njira ya ku Wiriyamu

Tidanyamuka tambala woyamba asanalire, pakuti njira ndi yaitali. Tidatsika kuchoka kumapiri kwathu kozizira, nkudutsa Moatize, kwao kwa malasha, mpaka kuoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete. Kuchokera mumzindamo tidagwira mseu wa ku Changara, ndipo titayenda makilomita ngati 30 cha kumwera tidapatukira m'kanjira kapfumbi. Dziko lake ndi lotentha, lamiyala, la milambe ndi mitengo ya masau. Mbuzi ndi zambiri kuposa ng'ombe. Eni dziko amalankhula Chinyungwe, chimene ife a Chinyanja timachimva ndithu munthu akamalankhula mofatsa.

Adatilandira ndi mkulu wina wa komweko, amene amaperekeza alendo. Asanatiuze kanthu adatitengera ku chipilala cha chikumbutso, kumene kudasungidwa mafupa a ena mwa ophedwawo, natipempha kuti tibvule zisoti ndi kukhala chete pang'ono. Atatero adatiyendetsa pamalopo, nkumatilozera kumene kudali nyumba, kumene kudali bwalo, ndi mbali imene anthu adathawira. Chimene chidatidabwitsa nchakuti palibe chachilendo choti maso nkuona. Ndi dziko wamba, longa la kwa aliyense wa ife: minda, makola, ana otunga madzi. Pakadapanda chipilalacho ndi pakamwa pa mkuluyo, mlendo akadangopitirira osadziwa kuti waponda pa manda.

Dziko la Tete m'masiku a nkhondo

Nkhondo yomenyera ufulu idayamba pa 25 Setembro 1964, koma kuno ku Tete idakula kuyambira mu 1968. M'chaka chotsatira boma la Apwitikizi lidayamba kumanga damu lalikulu la Cahora Bassa, ndipo pofuna kuliteteza lidadzaza dziko lino ndi asilikali. Ankhondo a Frelimo ataoloka Zambezi kulowera kumwera, anthu a m'midzi adakhala ngati chimanga pakati pa mtondo ndi munsi. Usiku kunkafika a m'thengo kudzapempha ufa. Masana kunkafika asilikali ndi apolisi achinsinsi a DGS, amene kale ankachedwa PIDE, kudzafunsa amene wapereka ufawo. Boma lidalamula kuti anthu asiye midzi ya makolo ao, akakhale m'midzi yolonderedwa yochedwa aldeamento, ndipo wokana kusamuka ankayesedwa mdani.

Eklezia nayenso adali pa mphambano. Chiyambire pangano la mu 1940 pakati pa Roma ndi Lisboa, boma linkathandiza mamisyoni ndi ndalama, ndipo linkayembekeza kuti sukulu za misyoni zisandutse ana athu Apwitikizi omvera. Ambiri adakhala chete chifukwa cha panganoli. Koma si onse. Mu Maio 1971 ansembe a chipani cha Abambo Oyera adatuluka m'dziko muno, nanena poyera kuti sangathe kulalika Uthenga Wabwino m'Eklezia womangidwa pakamwa. Chaka chomwecho anthu adaphedwa ku Mucumbura, ndipo ansembe awiri a ku Espanha, Bambo Alfonso Valverde ndi Bambo Martín Hernández, adaponyedwa m'ndende ya Machava chifukwa choulula. Ku Beira ansembe awiri Achipwitikizi a parokiya ya Macúti, Bambo Joaquim Teles Sampaio ndi Bambo Fernando Mendes, adamangidwanso kumayambiriro kwa 1972 atadzudzula zomwezo. Tsono pamene tsoka lidagwa pa Wiriyamu, wansembe aliyense wa ku Tete ankadziwa bwino mtengo wa kulankhula.

Loweruka, 16 Dezembro 1972

Masiku owerengeka m'mbuyo mwake asilikali ena adagwa mu msampha wa a Frelimo cha kumbali imeneyo, ndipo akuluakulu a nkhondo adatsimikiza kuti midzi ya kumeneko ndiyo ikudyetsa adani. Adakonza nchito imene adaicha Operação Marosca, naipereka kwa gulu lachisanu ndi chimodzi la makomando, pamodzi ndi anthu a DGS. Masana a tsikulo ndege zidaponya mabomba kuzungulira midzi, ndipo mahelikopita adatsitsa asilikali. Midzi yake idali isanu: Wiriyamu, Chaworha, Juawu, Riachu ndi Djemusse.

Mkulu wotiperekeza uja adafotokoza motsitsa mau, osaonjezera kanthu, ndipo inenso sindifuna kuonjezera. Anthu adaitanidwa kubwalo monga ngati pali msonkhano, naomberedwa ali chikhalire. Ena adatsekeredwa m'nyumba zaudzu, nyumbazo nkuponyedwa mabomba am'manja ndi kutenthedwa. Amai, nkhalamba ndi makanda sadasiyidwe. Ku Chaworha mitembo idaunjikidwa pamodzi ndi kuyatsidwa moto, ndipo anthu ochepa amene adangobvulala adakwawa kutuluka mu muluwo nathawira kuthengo. Mmodzi mwa iwo adali mnyamata, dzina lake António Mixioni. Opulumuka adachitira umboni kuti munthu wa DGS wochedwa Chico Kachavi ndiye ankapfuula m'chinenero cha eni mudzi kuti aphedwe onse, pasatsale mboni.

Pano tiyenera kunena chinthu chowawa. Kachavi adali munthu wakuda ngati ife, ndipo pakati pa makomandowo padali ana ambiri a dziko lomwe lino. Komanso pakati pa amene adaika moyo wao pa chiswe kuti aulule zoipazi padali azungu. Chimo la Kaini silisankha khungu, ndipo chisomo cha Mulungu sichisankhanso khungu.

Amene adalemba maina

Obvulala adayamba kufika ku chipatala cha Tete ndi ku misyoni ya São Pedro, m'mphepete mwa mzindawo. Amai odzipereka amene ankatumikira m'chipatalamo adaona mabala a zipolopolo ndi a moto, nauza ansembe. Bambo Vicente Berenguer, wa chipani cha ansembe a ku Burgos, adakumana ndi othawa pa mseu wa ku Changara. Ndipo Bambo Domingos Ferrão, mwana wa dziko la Tete, amene ankamva chinenero cha anthuwo ndi kudziwa mabanja ao, adayamba nchito imene ndiyo mtima wa mbiri yonseyi. Adakhala pansi ndi opulumuka mmodzimmodzi, nawafunsa kuti adafa ndani, mwana wa yani, wa mudzi uti. Iye ankadziwa kuti pepala lotere likapezeka m'thumba mwake, mapeto ake ndi imfa. Komabe adalemba, mothandizana ndi Bambo José Sangalo ndi anzao ena.

Taganizirani, abale: ansembewa adalibe mfuti, adalibe nyuzi, adalibe wailesi. Chida chao chidali chomwe chija chimene wansembe ndi katekista amagwira tsiku ndi tsiku polemba m'buku la ubatizo: cholembera, pepala, ndi chizolowezi chofunsa dzina la munthu ndi la makolo ake. Boma likadatha kutsutsa mphekesera, likadathanso kutsutsa chiwerengero, koma mndandanda wa maina ndi wobvuta kuutsutsa, pakuti dzina lililonse lili ndi mbale wake amene angaimirire nkunena kuti ameneyo adali mai wanga.

Kumayambiriro kwa 1973 boma lidapirikitsa ena mwa ansembe a ku Burgos, osadziwa kuti likutumiza lokha umboni kunja. Bambo Miguel Buendía adatuluka ndi mapepalawo mobisa, nakafika nao ku Espanha.

Mbiri ifika ku London

Mapepala aja adafika m'manja mwa wansembe wa ku Mangalande, Bambo Adrian Hastings, amene adagwirapo nchito zaka zambiri mu Afrika. Pa 10 Julho 1973 nyuzi yochuka ya The Times idasindikiza nkhaniyo pa tsamba loyamba. Kudangotsala mlungu umodzi kuti mtsogoleri wa boma la Portugal, Marcelo Caetano, afike ku London kukakondwerera zaka 600 za ubwenzi wa maiko awiriwo. M'malo mwa nthungululu adalandiridwa ndi makamu a anthu okwiya m'miseu.

Yankho la boma lidali lakuti nkhaniyo ndi bodza la ansembe odana ndi Portugal, ndipo kuti mudzi wochedwa Wiriyamu kulibe, pakuti suoneka pa mapu. Adapha anthu, kenaka nkufuna kuphanso dzina la mudzi wao. Koma mtolankhani wina, Peter Pringle, adafika ku Tete, nakumana ndi António Mixioni, ndipo ngakhale apolisi adamlanda zolemba zake ndi kumpirikitsa, adatuluka ndi chithunzi cha mnyamatayo. Bambo Hastings adakachitira umboni ku bungwe la Maiko Ogwirizana, limene pambuyo pake lidakhazikitsa kagulu kofufuza. Pasanathe chaka, pa 25 Abril 1974, asilikali a ku Portugal okha adagwetsa boma la Caetano, ndipo pa 25 Junho 1975 dziko lathu lidalandira ufulu. Sitinganene kuti Wiriyamu yekha ndiye adagwetsa boma lija, koma adalibvula ulemu pamaso pa dziko lonse lapansi.

Mlandu suola

Akuluakulu adati mlandu suola. Patapita zaka zoposa 20, katswiri wa mbiri yakale wobadwira m'dziko muno, Mustafah Dhada, adayenda m'midzi isanu ija kufunsa opulumuka, napeza maina 385 a anthu ophedwa, osawerengera amene maina ao adatayika ndi amene adafera m'manja mwa apolisi masiku otsatira. Mu 1998 Antonino Melo, amene adatsogolera makomando tsiku lija, adabwerera ku Wiriyamu, naima pamaso pa opulumuka ndi kupepesa. Ndipo pa 2 Setembro 2022, zaka 50 zili pafupi kukwana, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ali ku Maputo, adabvomera poyera kuti chimene chidachitika ku Wiriyamu nchosakhululukika ndipo chidanyazitsa mbiri ya dziko lake. Mudzi umene adati kulibe udachulidwa ndi pakamwa pa boma lomwe lidaukana.

Mmodzi wa achinyamata athu adafunsa wotiperekeza ngati anthu a kumeneko adakhululuka. Mkuluyo adayankha kuti sangayankhire mitima ya anzake, koma kuti iye adaona chinthu chimodzi: nkobvuta kukhululukira munthu amene akunena kuti palibe chidachitika. Ife akatekista tidayang'anana, pakuti ndi zomwe timaphunzitsa ana okonzekera sakramenti la Kulapa: kuulula kumayamba, chikhululukiro nkumatsatira.

Phunziro kwa parokiya yathu

Tisanabwerere tidapemphera Korona pafupi ndi chipilala, nkukumbukira Ana Osalakwa a ku Betelehemu, amene Eklezia amawalemekeza pa 28 Dezembro, masiku 12 okha kuchokera pa tsiku la Wiriyamu. Tidafika kwathu usiku, ndipo m'njira anthu sadayimbe monga amachitira pa maulendo ena.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ufulu utabwera, idadza nkhondo ina, ya pachibale, imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Outubro 1992. Ambiri a ife tidathawira ku Malawi, ndipo tidasiya abale m'mathengo opanda mtanda pamanda pao. Pa 30 Outubro 1985 ansembe awiri Achiyezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, adaphedwa ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi: wina mwana wa Angónia, wina Mpwitikizi, magazi ao nkusakanikirana pa dothi limodzi. Iwo maina ao akudziwika. Nanga akatekista, amai ndi ana a m'miphakati yathu amene adafa m'zaka zimenezo, adawalemba ndani? Amene akudziwa maina ao akukalamba, ndipo chaka ndi chaka tikuwaika m'manda pamodzi ndi zimene akudziwa.

Nchifukwa chake ife amene tidapita ku Wiriyamu tikupempha kuti, monga mphatso ya zaka 100, mphakati uliwonse ukhale pansi ndi nkhalamba zake, ulembe maina a onse amene adafa ndi nkhondo: dzina, makolo, mudzi, ndi chaka ngati chikukumbukika. Tisafunse kuti adali wa mbali iti, kapena ngati adali wobatizidwa. Mainawo asonkhanitsidwe m'buku limodzi, lisungidwe pamodzi ndi mabuku a ubatizo, ndipo awerengedwe pa Misa ya pa 2 Novembro, tsiku lokumbukira akufa onse. Sitichita izi kuti titukule mkwiyo kapena kuti tiloze chala banja la wina, koma kuti ana athu adziwe mtengo wa mtendere umene akudyamo nsima lero, ndi kuti pasadzapezeke munthu wonena kuti anthu amenewa kudalibe.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha anthu a ku Wiriyamu, Chaworha, Juawu, Riachu ndi Djemusse, pamodzi ndi akufa athu onse, ndipo atipatse ife otsala mtima wosaopa kunena zoona.