ULENDO WA KAPUTENI COOK KUZUNGULIRA NEW ZEALAND

Kum'mawa kwa Australia, mamailosi oposa 1,000 pakati pa nyanja yaikuru ya Pacific, kuli dziko la zisumbu lochedwa New Zealand. Eni ace, Amaori, anafikako m'mabwato a matanga capafupi ndi caka ca 1300, nadziwa mtsinje uli wonse ndi dooko liri lonse. Koma kwa anthu a ku Ulaya dzikoli linali mbiri cabe. Mu 1642 Abel Tasman wa ku Holland anaona gombe lace la kumadzulo. Koma anthu ace anai ataphedwa ndi Amaori, iye anacoka osaponda kumtunda. Pamapu panatsala mzere umodzi wokhotakhota, ndipo ambiri anauyesa mphepete mwa dziko lalikuru la kumwera.

Kuti cinthu cimeneci cidziwike, boma la Mangalande linatuma James Cook, amene ananyamuka ku Plymouth mu 1768 m'combo cochedwa Endeavour, cimene kale cinali conyamula malasha. Pa cisumbu ca Tahiti anakwezamo Tupaia, wansembe wa ku Raiatea, katswiri wodziwa nyenyezi ndi njira za panyanja. Munthu ameneyu ndiye anadzakhala pakamwa ndi makutu a ulendo wonse.

Pa 6 Okutobala 1769 mnyamata Nicholas Young, ali pamwamba pa mlongoti, anaona mtunda. Patapita masiku awiri anatsika pafupi ndi mtsinje wa Turanganui, ndipo tsiku lomwelo mwazi unakhetsedwa: amalinyero anawombera Te Maro, munthu womveka m'dzikomo. M'mawa mwace magulu awiri anaima mopenyana, mtsinje uli pakati, ndipo Tupaia anapfuula m'cinenero ca kwao. Onse anazizwa poona kuti Amaori anamva mau ace, pakuti makolo ao ndi makolo a Tupaia anacokera kumodzi. Komabe mfuti zinaliranso, ndipo anthu ena anafa. Cook anacoka wopanda zimene anafuna, nacha malowo Poverty Bay, ndiko kuti gombe la umphawi, ngakhale dzikolo linali lacuma kwa eni ace.

Kuyambira pomwepo, ngakhale ndeu sizinatheretu, Tupaia ndiye anayamba kulankhula pa madooko ambiri. Ndipo mwa mau ace amalinyero anapeza madzi, nkhuni, nsomba ndi ndiwo zamasamba zoletsa nthenda ya m'nkhama. Nchito yolemba mapu inali yocedwa ndi yoopsa. Munthu mmodzi ankaponya cingwe ca mtobvu kuyesa kuya kwa madzi, pamene Cook ankayesa mapiri ndi ndomo za mtunda, napenya dzuwa ndi mwezi kuti adziwe pamene ali. Kunsonga ya kumpoto namondwe anawakankhira kutali ndi gombe masiku ambiri, koma iye anabwerera, nalemba nsongayo pamalo pace.

Mu Januwale 1770 anaponya nangula m'Queen Charlotte Sound kuti akonze combo. Cook anakwera phiri, naona madzi olekanitsa mtunda wa kumpoto ndi wa kumwera. Ndipo nkhalamba ina ya Cimaori inamuuza, Tupaia akumasulira, kuti dzikolo ndi zisumbu. Madziwo lero achedwa Cook Strait. Pofuna kutsimikiza, iye anazungulira cisumbu ca kumwera comwe, nacoka pa 31 Malici 1770, atalemba mamailosi 2,400 a gombe m'miyezi isanu ndi umodzi. Zolakwa zace zazikuru zinali ziwiri: anayesa Banks Peninsula cisumbu, ndi Stewart Island ndomo ya mtunda. Koma anasonyeza poyera kuti New Zealand siinali mbali ya dziko lalikuru la kumwera.

Tupaia sanaonenso kwao. Anamwalira ku Batavia cakumapeto kwa caka comweco. Pamene Cook anabweranso mu 1773, Amaori ankayandikira zombo nafunsa za Tupaia, ndipo pakumva za imfa yace anamlira. Mapu aja anatsegula njira: anadza osaka anamgumi, amalonda ndi amishoni, kufikira mu 1840 mafumu ambiri a Amaori anacita pangano la Waitangi ndi boma la Mangalande. Dzina la Cook linatsala pa madzi ndi pa phiri lalitali la dzikolo. Koma munthu amene Amaori anamfunsa ndi kumlira ndiye mlendo uja amene anadza wolankhula cinenero cao.