Khobidi la Maliro: Mbiri ya Inshuwalansi ya Moyo wa Ana

Inshuwalansi ya moyo wa mwana inabadwira m'makomboni a anthu osauka a ku Britain m'zaka za m'ma 1800, ndipo chimene chinaibala ndi mantha a maliro onyozeka. Nthawi imeneyo ana ankafa kwambiri m'mizinda ya mafakitale monga Manchester ndi Liverpool. Banja likasowa ndalama ya bokosi, mwana ankaikidwa ndi akuluakulu oyang'anira amphawi, nthawi zambiri m'manda amodzi ndi anthu ena osawadziwa, popanda ngakhale chizindikiro. Lamulo la mu 1832 linawonjezera nkhawa, chifukwa linalola kuti mitembo ya amphawi yosowa woitenga iziperekedwa kwa ophunzira udokotala. Kwa kholo, manyazi amenewa ankapweteka ngati imfa yomwe.

Poyamba anthu ankathandizana okha m'timagulu tosonkherana ndalama za maliro. Kenako malonda analowapo. Kampani ya Prudential, imene inayamba ku London mu 1848, inatsegula inshuwalansi ya anthu apantchito wamba mu 1854, ndipo posakhalitsa inayamba kulembanso ana. Mtengo wake unali khobidi limodzi pa sabata. Wotolera ankayenda khomo ndi khomo ndi kabuku kake, ndipo amayi ambiri ankalolera kuchepetsa chakudya kusiyana n'kumubweza chimanjamanja, poti kuphonya masabata angapo kunkatanthauza kutaya zonse zimene anasonkha. Apa mpamene makampani ankadyerapo kwambiri.

Malamulo sanaikonde ntchitoyi. Kuyambira mu 1774, munthu ku England sankaloledwa kulembetsa inshuwalansi pa moyo wa wina pokhapokha ngati imfa ya winayo ikanamutayitsa ndalama, ndipo mu 1830 khoti linagamula kuti kungokhala bambo wa mwana si chifukwa chokwanira. Ndalama ya maliro yokha ndi imene inapeza polowera. Lamulo la mu 1855 linaika malire: mapaundi 6 pa mwana wosakwana zaka 5, ndi mapaundi 10 pa wa zaka 5 mpaka 10.

Malirewo anaikidwa pokayikira makolo. Panali mphekesera yoti ena amalembetsa mwana m'magulu angapo kenako n'kumusiya kuti afe. Milandu ina inalidi yoona. Mary Ann Cotton ananyongedwa ku Durham mu 1873 atapezeka wolakwa pakupha mwana womupeza ndi poizoni, ndipo mu 1884 Catherine Flanagan ndi Margaret Higgins, apachibale a ku Liverpool, ananyongedwanso pa mlandu wopha munthu pofuna ndalama ya inshuwalansi. Benjamin Waugh, mtsogoleri wa bungwe loteteza ana la NSPCC, analimbana ndi malondawa mwamphamvu cha m'ma 1890. Komabe otsutsa malondawa ankalephera kupereka umboni woti kupha ana kunali kofala. Milandu ya anthu ochepa inadetsa mbiri ya mabanja osawerengeka amene ankangofuna kuika mwana wawo mwaulemu, ndipo ambiri mwa oweruza anzawowo anali anthu opeza bwino, osadziwa chomwe chimatanthauza kusowa nsalu yokulungira mtembo.

Ku America nkhani inayenda chimodzimodzi. John F. Dryden anayambitsa Prudential ina ku Newark mu 1875 potengera nzeru ya ku London, ndipo Metropolitan Life inalowanso malondawa mu 1879. Mu 1895 aphungu a ku Massachusetts anakambirana zoletsa inshuwalansi ya ana osakwana zaka 10, koma maganizowo anakanidwa.

Chimene chinasintha malondawa si malamulo ayi, koma kuchepa kwa imfa za ana chifukwa cha madzi aukhondo, katemera ndi chakudya chabwino. Maliro atasiya kukhala nkhawa ya tsiku ndi tsiku, makampani anasintha kalankhulidwe. Anayamba kunena zosungira mwana ndalama ya sukulu, komanso zomutsimikizira kuti akadzakula adzakhalabe ndi inshuwalansi ngakhale atadzadwala matenda aakulu. Viviana Zelizer, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, anafotokoza kusinthaku m'buku lake la mu 1985, Pricing the Priceless Child. Alangizi ambiri a zachuma masiku ano amati choyamba ndi kulembetsa inshuwalansi pa kholo limene limadyetsa banja, popeza imfa yake ndi imene imasiya nyumba pa njala, pamene imfa ya mwana imasiya chisoni ndi ngongole ya maliro.