Mwana Wodwala ndi Sukulu: Mbiri ya ku Domasi

Lero titsikire m'chigwa cha Domasi, kumene mtsinje wochokera m'phiri la Zomba umayenda kukathira m'nyanja ya Chilwa.

Amishoni a mpingo wa Church of Scotland anakhazikika pa Domasi m'chaka cha 1884, motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick. Kumanga sukulu sikunavute kwambiri. Chovuta chinali kusunga ana m'kalasi. Madzi omwewo amene amadyetsa chigwachi ndiwo amaswetsa udzudzu wa malungo ndi kusunga nkhono za likodzo. Onjezanipo nthomba, chikuku ndi njoka zam'mimba. Mwana akagona pamphasa masabata angapo ankabwerera anzake atapita kutali, ndipo ena sankabwereranso.

Boma linatsegula sukulu ya Jeanes pa Domasi m'chaka cha 1929. Kumeneko mphunzitsi ankabwera ndi banja lake. Pamene bambo ankaphunzira kuyendera sukulu za m'midzi, mayi ankaphunzira kulera makanda, kuphika chakudya choyenera ndi kusamala pakhomo. Pambuyo pake mafumu nawonso anayamba kuitanidwa. Nzeru yake inali yakuti thanzi la mwana wasukulu limayambira kunyumba: pachitsime, pachimbudzi ndi pamoto pophikira.

Zina mwa nkhondozi zinapambanidwa. Nthomba inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse mu 1980, ndipo katemera anachepetsa chikuku. Koma malungo ndi likodzo zinakakamira. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anadzaza m'makalasi mpaka ena kumaphunzira pansi pa mitengo, ndipo zinaonekeratu kuti kulembetsa mwana n'kwina, kumuona m'kalasi tsiku ndi tsiku n'kwinanso.

Tsono inu makolo, phunziro la mbiri imeneyi nali. Mwana akatentha thupi, musadikire mawa; pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi. Akamakodza magazi, musati ndi chizindikiro cha kukula. Limenelo ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo. Akatsegula m'mimba, mpatseni madzi a Thanzi pafupipafupi. Usiku agone m'masikito. Akachira, musamsunge pakhomo kuti aziingitsa mbalame kumpunga. Mperekezeni kwa aphunzitsi, muwafotokozere chimene chinamjombetsa, kuti amthandize pa zimene zinamdutsa.

Paja akuluakulu amati kuongola mtengo n'kulinga uli waung'ono.