Myuziyamu ya ku Likoma ilibe magalasi otchinga

Mayeso akatha, ophunzira ambiri timakonda kunena kuti kumapeto kwa sabata tikaone zakale. Amene ali ku Blantyre amalowa ku Chichiri, kenaka n'kutsikira ku Mandala House, nyumba ya m'chaka cha 1882 ija, kukaona zojambula. Ena amakwera basi mpaka ku Mua kukaona zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni, ena ku Karonga kukajambulitsa pafupi ndi mafupa a Malawisaurus. Zonsezi n'zabwino. Koma pamndandanda umenewu Likoma sapezekapo, chonsecho pachilumbachi pali chinthu chakale chimene palibe myuziyamu ingachinyamule n'kuchiika m'galasi: tchalitchi chachikulu cha St Peter's, cha mpingo wa Anglican.

Choyamba kuona ndi mapu. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Ukaima kugombe la kum'mawa, mapiri a ku Cóbuè amaoneka pafupi kwambiri, pomwe Nkhata Bay ili kutali kotheratu. Chinachititsa zimenezi ndi mishoni. Amishonale a UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana malire mu 1891, gombe la kum'mawa linapita kwa Apwitikizi koma zilumbazo zinatsalira m'manja mwa Angerezi. Choncho mwana wobadwira ku Likoma lero amanyamula chiphaso cha Malawi chifukwa cha ansembe angapo amene anasankha malowa zaka 140 zapitazo.

Anasankhiranji chilumba cha miyala ndi milambe, chosabala chakudya chokwanira? Anali ataphunzira ku Magomero, kumene Bishopu Charles Mackenzie anayamba ntchito mu 1861 pakati pa nkhondo ndi malonda a akapolo, iye n'kumwalira chaka chotsatira. Pachilumba panali potetezeka, ndipo sitima yawo yotchedwa Charles Janson inkatha kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja n'kubwerera. William Percival Johnson anakhala zaka zambiri akuyenda motero ngakhale maso ake anali atawonongeka, ndipo anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja kuno. Mnzake Chauncy Maples anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, koma anamira m'nyanja chaka chomwecho asanafike pampando wake. Manda ake ali ku Nkhotakota.

Tchalitchicho chinamangidwa pamalo otchedwa Chipyela. Dzinali silibisa kanthu: apa ndi pamene ankapsereza anthu oganiziridwa kuti ndi mfiti. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu Januwale 1903, wojambula pulani anali Frank George, mapemphero anayamba kuchitikiramo mu 1905, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Mabuku a alendo amakonda kuchiyerekeza ndi tchalitchi cha Winchester ku England, ngati kuti chinthu cha kwathu sichingakhale chachikulu pokhapokha chitafanana ndi cha kwawo.

M'katimo muli zoti munthu aone tsiku lathunthu. Muli mawindo a magalasi amitundumitundu, mipando ya oimba yosemedwa pamwala wofewa, ndi mtanda wopangidwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone mu 1873. Kusiyana kwake ndi ku Chichiri n'kwakuti pano zinthu zikugwirabe ntchito. Lamulungu m'mawa mipando imadzaza, amayi a Mothers' Union atavala zoyera ndi zabuluu, nyimbo zikumveka mpaka kunja. Palibe chikwangwani chokuletsa kukhudza.

Komatu vuto langa lili pa mmene nkhaniyi imakambidwira. Werengani ndime zapitazi kachiwiri, muone mayina amene ndatchula: Mackenzie, Johnson, Maples, Trower, George, Livingstone. Onsewo ndi a ku Ulaya. Umu ndi mmene mbiri ya Likoma imafikira kwa mlendo. Nanga amene anaswa miyalayo, kuumba njerwa, kusenza mchenga pamutu zaka zonsezo anali yani? Munthu mmodzi wokhala ndi pulani m'manja samanga khoma la mamita 100. Anthu a pachilumbachi ndi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndiwo anatuluka thukuta, koma m'mabuku otsogolera alendo amangotchedwa “anthu akumaloko”.

Sikuti mayina a Aafirika a nthawi imeneyo anasowa. Augustine Ambali, amene anapulumutsidwa ku ukapolo ali mnyamata, anatumikira zaka zambiri ku Msumba, kutsidya kwa Mozambique, ndipo analemba yekha mbiri ya moyo wake m'buku lotchedwa Thirty Years in Nyasaland. Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Chiyao wa ku Unangu, anasindikiza Chiikala cha Wayao mu 1919, buku limene akatswiri a mbiri ya Ayao amaligwiritsabe ntchito. Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia kugombe la kum'mawa, anakhala wansembe mu 1909, n'kupita kukayambitsa ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Ndiye pali Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma pomwepa, amene mu 1965 anakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa bishopu wa Anglican. Tangoganizani, kuchokera 1885 kufika 1965: panapita zaka 80 mpingo usanakhulupirire kuti Mmalawi angavale chisoti chimenecho. Ndi angati a ife tinamvapo za anthu anayiwa m'kalasi ya mbiri ku sekondale?

Nkhani ya Chipyela nayonso imakambidwa mophweka kwambiri: kunali mdima, kenaka kunabwera kuwala, basi. Ine sindikuteteza zowotcha anthu. Chimene ndikukana n'chakuti nkhaniyo inatha mu 1903. M'dziko muno agogo akuphedwabe ndi achibale awo pa milandu ya ufiti. Ambiri tikukumbukira okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu 2016 mtsikana atafa ndi mphenzi. Wophunzira woima pa Chipyela sayenera kumva ngati akuona zinthu za anthu ena akale.

Ena anganene kuti tchalitchi ndi nyumba yopemphereramo, tisachisandutse malo a alendo ojambula zithunzi. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo sindikufuna matikiti pakhomo. Chimene ndikufuna n'chochepa: madipatimenti a mbiri ku Mzuni ndi ku Chanco atumize ophunzira ku Likoma ndi zojambulira mawu, akakhale pansi ndi okalamba a ku Mbamba, ku Makulawe ndi ku Nkhwazi, afunse kuti agogo awo anasenza chiyani, analipidwa chiyani, anaimba chiyani posenzapo. Amene anamanga anapita kalekale. Zidzukulu zawo zimene zinamva nkhanizi pakamwa pawo n'zokalamba tsopano, ndipo Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imaimabe pa Likoma.